Bemberezi m'Masipika a Bambo Kadzakumanja

Pa mudzi wa Kadewere, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera pa mishoni ya Guilleme, pali nyumba ya njerwa zootcha imene ana a sukulu amachepetsa liwiro akamaidutsa. M'nyumbamo mumatuluka nyimbo, ndipo mwini wake, bambo Timoteyo Kadzakumanja, ali ndi chizolowezi choitana mwana aliyense wodutsa n'kumufunsa kuti, "Tamvera apa, ukumva zida zingati?" Mwana akati ziwiri, iwo amabweza nyimboyo mpaka mwanayo apeze chachitatu.

A Timoteyo anabadwa mu 1958 pa mudzi womwewu. Sukulu analekeza mu Sitandade 6, osati chifukwa chosowa nzeru, koma bambo awo atadwala panafunika munthu wogwira khasu. Ali mnyamata anakagwirako ntchito pa esiteti ya fodya cha ku Mavwere, ndipo kumeneko anatchuka ndi makutu awo. Ankatha kuuza woyendetsa thirakitala kuti injini yake idwala mawa, ndipo mawa lake inkadwaladi. Atabwerera kumudzi anakwatira mayi Esitele, nayamba kulima chimanga ndi mtedza. Lamulungu ankaimba tena mu kwaya ya tchalitchi chaching'ono cha pamudzipo, imene inkaphunzitsidwa ndi katekisiti wina dzina lake Ignatius.

Magetsi a pa mapolo sanafike pa Kadewere mpaka lero. Mu 2016 mwana wawo Mercy, yemwe ndi namwino, anawatumizira sola, batire lalikulu ndi inveta, kabokosi kamene kamasandutsa magetsi a m'batire kuti afanane ndi a pa mapolo. Chaka chomwecho, anthu onse akutaya makaseti n'kumamvera nyimbo pa foni, a Timoteyo anapalasa njinga mpaka ku Chipata n'kukagula makina akale oimbira makaseti, ampulifaya yokuzira mawu ndi masipika awiri. Anazikulunga m'bulangeti ngati mwana wodwala, ndipo njira yonse yobwerera njingayo anangoikankha. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri zidazo zinkaimba moyera, moti munthu ankamva ngakhale mpweya wa woimba.

Mu Seputembala 2023 kunabwera Caroline, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zinayi amene akutsogolera kwaya tsopano. Tchalitchi chinali kukonzekera chikondwerero cha zaka makumi asanu, chochitika Lamulungu lomaliza la Okutobala, ndipo akuluakulu anapempha nyimbo imene malemu Ignatius anapeka. Nyimboyo inali isanaimbidwenso chimwalirire mwini wake mu 2001. Amayi a m'kwaya ankakumbukira mawu awo, a Timoteyo ankakumbukira tena, koma amuna a besi a nthawiyo, ena anamwalira, ena anasamukira kutsidya kwa malire kalekale. Besi yonse inatsala pa kaseti imodzi yokha, imene mnyamata wina wophunzira zaunsembe ku Kachebere anajambula mu 1994.

"Agogo, amayi a kwaya akuti kaseti ija muli nayo ndinu," anatero Caroline atakhala pa mpando wa ndalema pakhonde.

"Ndili nayo, koma ndi nkhalamba kuposa ine. Inaduka kawiri. Ndinailumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo wa amake Mercy."

"Ine sindinapakepo zimenezo," anayankha mayi Esitele ali m'nyumba. "Unali wa mwana wanu."

Anagwirizana kuti a Timoteyo aimbe kasetiyo, Caroline ajambule pa foni yake, kenako anyamata a besi akaphunzirire pamenepo. Koma atangoyatsa ampulifaya, nyimbo isanayambe n'komwe, m'masipika munatuluka phokoso lapansi, lolemera, losaleka, longa la bemberezi akamaboola phaso. A Timoteyo anali atayamba kulimva pang'ono kuyambira mu Ogasiti, ndipo sabata iliyonse linkakula. Caroline anati angojambula momwemo. Nyimbo itafika pakati, mawu anayamba kunjenjemera, ndipo a Timoteyo anazimitsa msanga. Tepi inali itakodwa m'makina. Anaitulutsa pang'onopang'ono, naibwezera m'malo mwake pozunguliza ndi bolopeni, kenako anaiyang'ana padzuwa. Inali itakwinyika malo atatu.

"Iyi yatsala ndi ulendo umodzi," anatero. "Sindiimbanso bemberezi ameneyu asanachoke."

"Bwanji tipite nazo pa boma, pali magetsi enieni?"

"Lamba wa m'makinamu ndinadula ku chubu cha njinga. Ukangowagwedeza, basi aiwala ntchito."

Loweruka masana a Timoteyo anapita kukamvera kwaya ikuyeserera pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa tchalitchi. Caroline anali atapatsa kale anyamata a besi theka la nyimbo limene anajambula lija. Amayi anayamba bwino. Kenako besi inalowa, motsogozedwa ndi Lovemore, mnyamata wamtali wokhoma mipando. Anyamata anayi anagwira liwu limodzi lapansi kwambiri, osakwera, osatsika, kuyambira poyamba mpaka pamene anathera mpweya. A Timoteyo anakweza dzanja.

"Imani kaye. Lovemore, chimenecho wachitenga kuti?"

"Pa foni, madala. Tamvera kakhumi. A Ignatius aja anali ndi chifuwa, sapuma ngakhale pang'ono."

"Ameneyo si Ignatius. Ndi masipika anga."

Amayi anaseka mpaka ena anakhala pansi. Lovemore anati ngati ndi choncho masipikawo awalembe mu kwaya, poti amaimba besi kuposa anthu. A Timoteyo nawonso anaseka. Koma pobwerera kunyumba anazindikira kuti phokosolo lakhala pamalo penipeni pamene mawu a besi amakhala. Likapanda kuchoka, ngakhale kaseti itayenda mpaka kumapeto, palibe amene adzasiyanitse anthu ndi makina, ndipo ulendo wotsalawo udzapita pachabe.

Lolemba m'mawa anayamba kufufuza. Sanakhudze kaseti, chifukwa bemberezi ankalira ngakhale mulibe nyimbo. Anayamba ndi mafoni a anansi amene amabwera kudzatchajitsa. Anawachotsa limodzi limodzi, khutu lili pa sipika. Apa anapeza zinthu zimene sankazidziwa. Tchaja ina yoyera, ya pa msika wa kumalire, inkatulutsa kaliwu kakuthwa ngati ka udzudzu. Foni ikakhala pafupi ndi ampulifaya, masipika ankayamba kuti tititi-tititi foniyo isanalire, moti anauza mayi Esnart, mnansi wawo, kuti wina akuwaimbira, ndipo foni inaliradi iwo akadali kukamwa yasa. Babu la pabalaza nalo linali ndi kaphokoso kake, konga mafuta akamalira m'chiwaya. Onsewa anawachotsa. Udzudzu unapita, chiwaya chinazima, koma bemberezi anatsala.

Lachiwiri anasuntha inveta kuchoka pafupi ndi ampulifaya mpaka pamene mawaya ake analekezera. Phokoso linachepa pang'ono chabe. Anamasula mawaya a masipika, napala nsonga zake ndi mpeni mpaka zinawala, nawabwezera. Analekanitsa mawaya a magetsi ndi a nyimbo amene anali atapotana kuseri kwa kabati. Palibe chinasintha.

Anthu nawo sanasowe maganizo. Mayi Esnart anati ndi netiweki ya ku Zambia imene imalowerera m'mafoni a kuno, tsopano yalowa m'masipika. Wina anati sola ikakalamba imayamba kubuula ngati munthu. Mayi Esitele anali ndi maganizo awoawo.

"Atate ake Mercy, mwina phokosolo lili m'makutu mwanumo. Zaka zapita."

"Inu simukulimva?"

"Ndikulimva. Koma ine ndakhala ndi phokoso m'nyumba muno zaka makumi anayi, ndinazolowera."

Lachinayi m'mawa a Timoteyo anachokera kudimba, navula majombo pakhomo chifukwa mayi Esitele anali atangokolopa. Analowa opanda nsapato pa simenti yonyowa, nayatsa ampulifaya monga ankachitira tsiku lililonse. Pofuna kusuzumira kuseri, anatsamira dzanja pa chitsulo cha pamwamba pake. Bemberezi anatsika mawu. Anachotsa dzanja, phokoso linabwerera. Anagwiranso, linatsikanso, ndipo m'zala anamva kunyerenyesa pang'ono. Anatuluka, navala majombo aja, nabwera kudzagwira. Ulendo uno phokoso silinasinthe.

"Amake Mercy! Tabwerani mugwire apa."

"Mukufuna kundipha ndi magetsi kuti mukwatire wina?"

"Pa msinkhu uno andilola ndani? Gwirani. Tsopano vulani patapata. Gwiraninso."

Mayi Esitele anachita zonsezo akung'ung'udza, ndipo nawonso anamva kusintha. A Timoteyo anakhala pa mpando, chala chili pa mlomo. Anaganiza kuti phokosoli ndi chinthu chofuna njira. Munthu wopanda nsapato akagwira, limadutsa m'thupi mwake n'kulowa pansi, ngakhale si lonse. Majombo amalitsekera. Ndiye kwa zaka zisanu ndi ziwiri zija linkalowa pansi podzera kuti?

Anagwada kuseri kwa inveta n'kuwerenga mawaya. Awiri ankachokera ku batire. Wina ankapita ku masoketi. Panali wachinayi, wobiriwira, womangidwa pa bawuti ya kabokosiko, amene ankatulukira panja pa kabowo ka m'munsi mwa khoma. Waya ameneyu ankamuona masiku onse, koma ankangoti ndi woteteza ku mphezi, ndipo mu Seputembala za mphezi ndani amaziganiza? Anazungulira kuseri kwa nyumba. Wayayo ankatsika ndi khoma n'kulowa m'nthaka. Anatenga khasu nakumba mosamala. Dothi linali louma ngati ufa, lothawa pa khasu. Pakuya kofika m'chigongono anapeza wayayo atamangidwa pa paipi yachitsulo yokhomedwa pansi, ndipo mozungulira munali tizidutswa ta makala. Ataweramuka anaona mabowo anayi akale pansi, awiri uku awiri uku, paipiyo ili pakati pawo.

"Amake Mercy, pano panali chiyani?"

"Mwayamba kuiwala ndi nyumba yanu yomwe? Panali thandala."

Thandala, kabenchi ka mitengo koyanikapo mbale zikatsukidwa, linali litakhala pamenepo chimangire nyumbayo. Mu Meyi alangizi a zaumoyo anayendera mudzi, nati lili pamthunzi komanso pafupi ndi njira ya kuchimbudzi. Mayi Esitele analizula okha n'kukalimanga padzuwa, kutsogolo kwa khitchini. A Timoteyo anafunsa za paipiyo, pakuti tsiku limene sola inkaikidwa iwo anali ku maliro ku Kachebere. Mayi Esitele anayang'ana m'dzenjemo nthawi yaitali, kenako anawomba m'manja kamodzi.

"Ooh! Joe uja, wa pa boma, amene anadzaika sola. Anati, 'Mayi, chitsulo ichi chimamwa madzi. Ndachiika pansi pa thandala dala, kuti musamavutike kuthirira.'"

"Ndiye bwanji simunandiuze?"

"Ndinakuuzani tsiku lomwe munabwera. Inu mutu unali m'masipika."

A Timoteyo anangoima n'kumawerengetsa. Kawiri kapena katatu pa tsiku, kwa zaka zonsezo, madzi otsukira mbale ankadontha pamalo amenewa, ndipo nthaka sinkauma ngakhale m'chilimwe. Thandala litachoka mu Meyi, chinyezi chinakhalabe mpaka Julayi. Pofika Ogasiti dothi linayamba kuuma, ndipo ndi nthawi yomwe bemberezi anayamba. Anaimbira foni Joe kuti atsimikize. Joe anaseka kwambiri.

"Madala, mwachipha ndi ludzu chitsulo changa! Dothi louma silimeza magetsi. Palani dzimbiri pomwe pali waya, muthire makala osinja ndi mchere, kenako madzi ambiri. Musathamange, dikirani alowe."

Masana amenewo anthu a pa Kadewere anaona chachilendo: bambo Kadzakumanja ali pa mzere wa pa mjigo ndi zigubu ziwiri pa njinga. Amayi anawafunsa ngati mayi Esitele adwala. Iwo anati ayi, akukathirira nyimbo. Anabwerera katatu. Anakulitsa dzenje, napala paipi ndi mwala, namanga wayayo mwamphamvu, nathira makala ndi mchere umene mayi Esitele anawapatsa monyinyirika. Akathira chigubu chimodzi ankalowa m'nyumba kukamvera. Chigubu choyamba sichinasinthe kanthu. Chachitatu, phokoso linayamba kufooka. Lachisanu m'mawa anathiranso ziwiri, ndipo pofika masana munthu ankachita kugunditsa khutu pa sipika kuti amve kalikonse.

Loweruka m'mawa Caroline anabwera ndi Lovemore. A Timoteyo anachotsa matchaja onse, nazimitsa babu, nauza Caroline kuti atseke netiweki ya foni yake kuti tititi uja asalowerere. Mayi Esitele anathamangitsira nkhuku kutali, nadzaima pakhomo. Foni anaiika pa mpando moyang'anana ndi sipika. A Timoteyo anapukuta manja pa thalauza, nalowetsa kaseti, nadina.

Poyamba panamveka kutsokomola kwa munthu ndi kulira kwa mwana, za m'tchalitchi cha 1994. Kenako liwu la mwamuna linapereka chiyambi, ndipo mayi Esitele ananong'ona kuti, "Ndi a Ignatius amenewo." Amayi analowa, tena inatsatira, ndipo pansi pa onsewo besi inamveka bwinobwino, ikuyenda, kukwera masitepe atatu n'kutsika awiri, osati kuima pamodzi monga anyamata aja ankachitira. Lovemore anatsegula pakamwa, koma Caroline anamutsina. Atafika pokwinyika poyamba mawu ananjenjemera. A Timoteyo anasendeza chala pafupi ndi batani lozimitsira, osalikhudza. Tepi inadutsa. Inadutsanso pachiwiri.

Kenako nyimbo inafika pa ndime yachitatu, imene ulendo woyamba sanaifike. Kwa masiku onsewa a Timoteyo anali akuvutika kukumbukira chimene besi inkaimba pamenepa, ndipo sichinkabwera. Anaweramira kutsogolo. Amayi anakweza mawu, tena inawatsata chapansipansi, ndipo besi kunalibe. Amuna aja anangokhala chete mizere iwiri yathunthu. Pa mzere wachitatu analowa onse pamodzi, mwamphamvu, moti pepala la kalendala limene linali pamwamba pa sipika linanjenjemera. Tepi inadutsa pokwinyika pachitatu, nyimbo inatha, ndipo panamveka nthungululu za amayi a nthawi imeneyo. A Timoteyo anazimitsa.

Caroline anabweza pa foni, ndipo zonse zinalimo. Anamvera ndime yachitatu kawiri.

"N'chifukwa chake sindimaikumbukira," anatero a Timoteyo. "Ndimafunafuna chinthu chimene kulibe. Tikanajambula ndi phokoso lija, tikanati pamenepa akuimba."

"Ndiye ife tizingoima ngati mitengo, anthu akutiyang'ana?" anafunsa Lovemore.

"Muziwerenga mumtima. Mizere iwiri."

"Madala, kukhala chete pamaso pa anthu n'kovuta kuposa kuimba."

"Ndiye mwapeza choyeserera," anatero Caroline, akuika foni m'chikwama mosamala.

Masana a tsiku lomwelo kwaya inakumana pansi pa mango paja. Ndime ziwiri zoyamba anyamata anazigwira msanga, chifukwa tsopano ankamva chimene akutsata. Pa ndime yachitatu Lovemore analowa msanga ulendo woyamba, wachiwiri analowa mnzake wa kumanzere, ndipo amayi anawaseka onse awiri. Caroline anati ayambirenso. A Timoteyo anachoka pamene anakhala, nakaima pakati pa anyamata anayiwo, nagwira awiri m'mapewa. Amayi anakwera okha mzere woyamba, nalowa wachiwiri, anyamatawo akukoka mpweya. Mzere wachiwiri utatha a Timoteyo anamasula mapewa aja, ndipo besi inalowa pa nthawi yake.